Kuchokera pa Bwazi Kufika pa Nayiloni: Mbiri ya Zida za Panyanja Kuno ku Salima

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo, kuchonga mayeso kunandipanikiza.

Sabata yatha mphunzitsi wina wachinyamata, amene wangoyamba kumene ntchito pasukulu pathu, anandipeza ndikumwa tiyi, kope lili m'manja. Akukonza ulendo wa ana a kalabu ya zachilengedwe wopita ku Senga Bay, kukagona masiku awiri m'matenti, kukawedza pang'ono, komanso kukwera boti kukazungulira kachilumba ka Namalenje. Anandifunsa kuti, "Achimwene, inu ndinu a konkuno, taonani ngati ndaiwalapo kanthu." Ndinawerenga mndandanda wake. Munali matenti, mabulangete, mpunga, mafuta ophikira, mbale, mpira, mbedza, ngakhalenso sipika ya nyimbo. Zonse zinali bwino, koma munalibe ngakhale chinthu chimodzi chothandiza mwana kubwerera kumtunda zinthu zikavuta pamadzi.

Sindinamudzudzule, chifukwa inenso ndinalembapo mndandanda wotero, ndipo m'munsimu ndifotokoza zimene zinandionekera. Ndinamulonjeza kuti ndimuyankha polemba. Poti ndine mphunzitsi wa Histole, mundikhululukire, yankho langa liyambira kutali. Ndikayang'ana zaka 150 zapitazi kugombe lathu lino, ndikuona chinthu chimodzi: zida zopitira kutali ndi zogwirira nsomba zambiri takhala tikuzisintha mbadwo uliwonse, koma zida zobwererera kunyumba tinazisiya m'mbuyo.

Bwato limayambira kuphiri

Zambiri za kale ndinazimva kwa agogo anga aamuna, amene anali msodzi cha ku Lifuwu ndipo anatisiya mu 1998 ine ndili Fomu 4. Iwo ankakonda kunena kuti bwato siliyambira kunyanja, limayambira kuphiri. Munthu wofuna bwato ankayamba wapeza mtengo waukulu wowongoka, monga mbawa, mlombwa kapena chonya. Mmisiri ankausema komweko kuthengo ndi nkhwangwa ndi kasemasema kwa masabata angapo. Likatha, amuna a m'mudzi ankalikoka ndi zingwe mpaka kugombe, mwini wake atafulula mowa wa olikoka. Bwato la mtengo wolimba linkakhala zaka zambiri, mwina mpaka kusiyira mwana. Lero mitengo yotere inatha m'madera oyandikira nyanja. Mabwato ambiri amene mukuwaona pagombe ndi a mango ndi mitengo ina yofewa, ndipo sapita patali asanayambe kumatidwa zigamba za malata, mapulasitiki ndi phula.

M'bwato la agogo simunkasowa zinthu zitatu: nkhafi, chokapira madzi, ndi mwala womanga chingwe umene unali nangula wawo. Nkhafi zinkakhala zoposa chiwerengero cha anthu, poopa kuti ina ingathyoke kapena kupulumuka m'manja. Mwana woyamba kupita panyanja sankapatsidwa ukonde. Ntchito yake yoyamba inali kukapa madzi, ndipo ankaigwira mpaka mkono kuzolowera.

Ukonde nawo unkachokera kutchire. Ankasenda khungwa la zitsamba za bwazi kapena chopwa, n'kutulutsa luzi, n'kumalipota pantchafu mpaka litasanduka ulusi wolimba. Kuluka khoka limodzi kunkatenga miyezi. Ukonde wotere sunkafuna ulesi, chifukwa ukausiya wonyowa unkaola. Ukangochoka m'madzi ankauyanika, kuusoka pamene pang'ambika, ndi kuunyika m'madzi a makungwa kuti ulimbe. Tanthauzo lake n'lakuti msodzi sankatha kukhala pamadzi tsiku lililonse, usana ndi usiku. Chida chenichenicho chinkapatsa nsomba mpata wopuma. M'mitsinje monga Linthipe, mmene mpasa ndi sanjika zimakwera nthawi ya mvula kukaswana, ankatchera miono yoluka ndi nsungwi kapena bango. Mbedza zinkachokera kwa osula zitsulo.

David Livingstone, amene anafika panyanjayi koyamba mu 1859, anabweranso mu 1861 ndi boti laling'ono la thanga, n'kuyenda m'mbali mwa gombe la kuzambwe lino pamodzi ndi John Kirk. Anaona kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde awo a bwazi. Anaonanso ukali wa mafunde mpaka anaitcha nyanja ya namondwe. Ana ambiri amadziwa dzina lokoma lija lakuti nyanja ya nyenyezi, limene limalembedwa pa zikwangwani zokopa alendo. Dzina linali la namondwe sitiliphunzitsa kwenikweni, chonsecho ndi limene lingapulumutse munthu.

Zombo, sitima, ndi bishopu amene anamira kwathu kuno

Chida chachilendo choyamba kufika panyanjayi chinali thanga. Kuyambira m'ma 1840, Jumbe wa ku Nkhotakota, Salim bin Abdallah, ndi amene anamutsatira paufumu anali ndi zombo za matabwa zoyenda ndi mphepo. Mafumu achiyao monga Makanjira wa kutsidya anali nazonso. Mukaima pagombe la Salima kunja kutayera bwino, mapiri a kutsidya amaoneka pafupi, chifukwa nyanja ndi yopapatiza chakuno. N'chifukwa chake dera la Rifu, kufupi ndi Lifuwu wa lero, linali dooko loolokera. Katundu wa zombozo anali minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Tisamaiwale zimenezi tikamakamba za luso la zombo: chida chabwino chinagwira ntchito yoipa. Mu 1875 amishoni a Livingstonia analowetsa panyanjayi sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala yoyamba ija, ndipo m'ma 1890 Angerezi anathetsa zombo za akapolo ndi mfuti.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense wa ku Salima aidziwe ndi ya Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican. Mu 1895 anali atangodzozedwa kumene ku London, ndipo ankabwerera ku Likoma. Pa 2 Seputembala chaka chimenecho, boti lachitsulo la matanga lotchedwa Sherriff, limene anakwera, linakumana ndi mphepo yamkuntho usiku n'kugubuduzika kufupi ndi Rifu. Bishopuyo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Amalinyero achikuda anasambira n'kufika kumtunda. Anthu amasimba kuti mkanjo wautali umene anavala ndi umene unamulemera m'madzi. Manda ake ali mu tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota, ndipo sitima imene inayamba kuyenda mu 1901 inapatsidwa dzina lake. Taganizirani: boti lachitsulo, lamakono pa nthawi yake, munthu wophunzira amene anakhala kunyanja zaka zambiri, koma analibe chomuyandamitsa, ndipo chimene anavala chinamukokera pansi.

Patapita zaka 51, pa 30 Julaye 1946, sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Mwezi wa Julaye ndi pakati pa nyengo ya mwera. Ilala yachiwiri, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba kuyenda mu 1951, inabwera anthu akadali ndi chisoni cha Vipya. Nyanja sinachite manyazi ndi chitsulo kapena injini.

Njanji, matayala ndi nayiloni

Tibwerere kwa asodzi. Chimene chinasintha usodzi kuno sichinachokere m'madzi ayi, chinachokera kumtunda. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, kudzera ku Chipoka kumene kunakhala dooko la sitima. Misewu inayamba kutseguka. Nsomba zouma zinayamba kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kuminda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene eni minda ankazifuna kuti zikhale ndiwo za antchito. Amalonda a panjinga anachuluka. Nsomba imene kale inali ya mumphika ndi yosinthanitsa ndi ufa inasanduka ndalama ya msonkho ndi ya fizi. M'ma 1930 momwemo abale achigiriki a banja la Yiannakis anayamba usodzi waukulu ku Fort Johnston, Mangochi wa lero, ndipo m'ma 1940 anali kugwira chambo ndi maukonde akuluakulu okokedwa ndi maboti a injini.

Boma la atsamunda linayamba kufufuza. Mu 1939 kunabwera akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, kudzaona za nsomba za m'nyanjayi. Kuyambira 1945 mpaka 1947 mayi wina wachitsikana, Rosemary Lowe, anafufuza za moyo wa chambo, ndipo nkhani ya kukula kwa maso a ukonde ndi yopatsa nsomba nyengo yoswana inayamba kumveka kuyambira nthawi imeneyo. Choncho mfundo zimene alangizi a zausodzi amalalikira lero si zatsopano. Zili ndi zaka pafupifupi 80.

Asodzi akumudzi nawo sanagone. Apa pali luso limene limandisangalatsa kwambiri. M'ma 1940 anatulukira kuti m'kati mwa tayala lakutha la galimoto muli ulusi wolimba. Ankang'amba matayala, kusolola ulusiwo umodziumodzi, n'kulukira maukonde. Agogo ankati zala zinkachita matuza, koma ukonde wa tayala unkapirira madzi kuposa wa chopwa. Kenaka m'ma 1950 kunabwera nayiloni, ndipo pofika m'ma 1960 maukonde a nayiloni ankapangidwa ku Blantyre konkuno. Nayiloni saola. Safuna kuyanika tsiku lonse. Safuna miyezi yopota luzi, amangofuna ndalama. Munthu amene kale akanakhala ndi ukonde umodzi tsopano ankatha kutchera matchera ambirimbiri usiku uliwonse. Amuna obwera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, Harare wa lero, ankagula maukonde ndi ndalama za kumigodi n'kulemba anzawo ntchito. Apa ndi pamene panayambira kusiyana kwa mwini zida ndi anyamata okoka ukonde, kumene tikukuona mpaka lero.

Mtengo wake tinaulipira. Nchila, nsomba imene inali yochuluka zedi m'ma 1950, inayamba kusowa, ndipo ana ambiri a m'kalasi mwanga sanaionepo. Chambo chinatsatira. Ku nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo n'kumeneko kumene makomiti a m'magombe anayambira mu 1993, lisanabwere lamulo la zausodzi la 1997 limene linapatsa anthu akumudzi gawo poyang'anira nsomba. Masiku ano nsomba yochuluka kwambiri imene imagwidwa m'nyanja ya Malawi ndi usipa. Chambo chinasanduka ndiwo ya alendo ndi mabwana.

Chilimira, nyale ndi injini

Ukonde wa chilimira, umene lero ndiwo mwini gombe ku Senga Bay, si wakuno. Unachokera kumpoto, ku Likoma, ku Chizumulu ndi kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo asodzi a kumeneko ndi amene anaufalitsa kum'mwera kuno posamukasamuka. Poyamba unali wa utaka. Atauika kansalu ka maso ang'onoang'ono pakati, unakhala wa usipa. Usipa umatsata kuwala, ndipo makolo ankaukopa ndi miuni ya udzu kapena bango. Pambuyo pake kunabwera nyale za parafini zopopa, za mtundu wa Tilley, zimene siginala amaziika pa bwato lake n'kumadikira kuti usipa usonkhane, anzake asanazungulize ukonde. Usodzi umenewu ndi umene timati kauni. Ine ndikukula, madzulo aliwonse pagombe pankamveka fungo la parafini ndi phokoso la kupopa nyale. M'zaka za m'ma 2010 nyalezi zinayamba kulowedwa m'malo ndi mababu a LED oyendera batire, owala kwambiri komanso osazima ndi mphepo.

Maboti a matabwa ndi injini zapambuyo zinabwera m'nyengo yomweyo ya nayiloni. Akuluakulu amakumbukira injini za Seagull, ife tinakulira Yamaha. Nthambi ya zausodzi inaphunzitsa amisiri okhoma maboti, makamaka ku Mpwepwe ku Mangochi kumene kuli sukulu ya zausodzi. Injini inathandiza kwambiri, sindingakane. Koma nsomba zitachepa kufupi ndi gombe, injini yomweyo inayamba kutengera anyamata pakatikati pa nyanja, kumene munthu wa nkhafi sakanayerekeza kufika. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Injini ikazima pakati pamenepo mwera n'kuyamba, chimene chatsala ndi pemphero. Pitani pagombe madzulo muwerenge maboti amene akunyamuka. Muona mababu, mabatire, zigubu za petulo, mafoni m'mapepala apulasitiki. Muwerengenso majekete oyandamitsa, aja timangoti laifi jaketi. Mudzandiuza.

Ndisaiwale neti ya udzudzu. Inabwera kudzateteza ana ku malungo, koma ena anaisokerera ku makoka, ndipo imakokolola ngakhale tiana ta nsomba tosaoneka bwino ndi maso. Nawo maukonde a ulusi umodzi woonekera ngati galasi, amene ndi oletsedwa, akangotayika m'madzi amapitiriza kupha nsomba popanda mwini. Agogo anga ankalimbana ndi ukonde wofulumira kuola. Ife tikulimbana ndi ukonde wosaola.

Phunziro la ku Mbenji

Pali malo amodzi m'boma lathu lino amene anaona patali. Chilumba cha Mbenji, chimene anthu amapitako kudzera pagombe la Chikombe m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima, chakhala ndi malamulo akeake kuyambira m'ma 1950. Chaka chilichonse chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala, asodzi onse n'kuchokapo, ndipo chimatsegulidwa mu Epulo ndi mwambo. Nthawi yosodza ikafika, pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, amayi sapitapo, ndipo maukonde oononga ndi oletsedwa. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Ofufuza a m'dziko muno ndi akunja akhala akubwera kudzaphunzira chifukwa chimene utaka wa ku Mbenji sunathe ngati wa kwina.

Pa lamulo lokhudza amayi, atsikana a m'kalasi mwanga amandipanikiza ndi mafunso chaka chilichonse, ndipo ndimawalola kuti atsutsane, chifukwa ndi mmene Histole iyenera kuphunziridwira. Koma taonani lamulo la mowa. Anthu amene amagona m'misasa pachilumba miyezi ingapo, kutali ndi chipatala, anazindikira kalekale kuti mutu wabwino ndi chida cha panyanja. Taonaninso kutseka kwa nyengo ya mvula. Kumapatsa nsomba mpata woswana, komanso kumachotsa anthu pachilumba nthawi ya mphezi ndi mphepo zadzidzidzi. Nayiloni atachotsa mpumulo umene luzi linkapereka, a ku Mbenji anaubwezeretsa ndi lamulo.

Tsiku limene ndinachita manyazi

Tsopano za ine. Mu Julaye 2012 ndinatenga ana 24 kupita nawo kunyanja. Tinagona m'matenti, ndipo m'mawa mwake tinali titapangana ndi mwini boti wina kuti atizungulitse pachilumba. Tikukwera, bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde pamchenga anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, anawa musapite nawo lero. Taonani kum'mweraku mmene madzi aderamo." Ndinayang'ana, ndinangoona nyanja yabata ndi dzuwa lowala. Ndalama tinali titalipira kale, ana anali atasangalala, ndipo ine ndi dipuloma yanga ndinaona ngati mkuluyo akungofuna kutiopseza. Ndinawathokoza mwaulemu, tinanyamuka.

M'botimo munali majekete oyandamitsa asanu ndi limodzi okha. Ndinawaona, ndinangoti tikubwera posachedwa. Pobwerera, mwera unayamba. Amene simunauonepo, mwera suchita kugogoda. Mphindi zochepa chabe madzi anasanduka mapiri, ndipo funde lina litamenya kumbuyo, injini inatsokomola n'kuzima. Mnyamata woyendetsa anakoka chingwe kambirimbiri, osayaka. Ndinamufunsa za nkhafi, anati anaziiwala kumtunda. Chokapira madzi munalibe. Boti linatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde, madzi n'kuyamba kulowa. Ana ena anayamba kulira, ena kuimirira, ndipo ndinachita kukalipa kuti aliyense akhale pansi. Tinayamba kukapa madzi ndi mabokosi a chakudya ndi nsapato.

Amene anatipulumutsa anali asodzi awiri a pa bwato wamba, lomatamata zigamba, amene ankathawa mphepo yomweyo. Anatiponyera chigubu chodula pakati ndi nkhafi ziwiri, mmodzi n'kulumphira m'boti mwathu. Anawongola mutu wa boti kuti uziyang'ana mafunde, n'kumatiuza nthawi yopalasa ndi nthawi yoleka. Mphepo inatikankhira kumpoto, ndipo tinakatsikira pamchenga kutali ndi pamene tinakwerera. Palibe mwana anavulala. Titabwerera wapansi, ndinawapeza bambo aja akadasoka ukonde wawo. Sananene kanthu. Anawerenga ana ndi maso mpaka onse 24, n'kupitiriza kusoka. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza kuti ndikanakawauza chiyani makolo 24.

Onani zimene zinatipulumutsa: nkhafi, chokapira madzi, ndi munthu wodziwa mphepo. Zida zomwe zija za m'bwato la agogo, zimene zinalipo Livingstone asanabwere.

Ndiye tinyamule chiyani?

Kwa mphunzitsi mnzanga uja, ndi kwa nonse amene mumatenga ana kupita nawo kunyanja, yankho langa ndi ili.

Musanakwere boti, werengani majekete oyandamitsa ndi manja anu, osati ndi pakamwa pa mwini boti. Mwana aliyense akhale ndi yake, yomukwana, atavala ndi kumanga asanaponde m'boti. Inunso muvale. Jekete yokhalira kapena yosungidwa pansi pa mpando ilibe ntchito. Ngati majekete ndi 10, apite ana 9 ndi mphunzitsi, enawo adikire ulendo wachiwiri. Onetsetsani kuti muli nkhafi zosachepera ziwiri, chokapira madzi, nangula ndi chingwe chachitali, petulo wapadera, pulagi ina ndi sipanala yake. Foni ikhale yodzaza moto, yomangidwa m'pepala lapulasitiki, ndipo wina wotsala kumtunda adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Tengani wezulo wa masewera uja ndi tochi. Ana asavale majuzi olemera, majinzi kapena nsapato zomanga m'boti. Kumbukirani mkanjo wa bishopu.

Dziwani mphepo. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo umavuta kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Seputembala, nthawi yomwe sukulu zambiri zimakonda maulendo. Mpoto umachokera kumpoto, ndipo nyengo ya mvula imabwera ndi mikuntho yadzidzidzi. Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi, koma mukafika pagombe funsaninso asodzi achikulire. Mukaona iwo akukokera mabwato kumtunda, inu musatsitse lanu. Safunsa anadya phula. Ndalama ya boti ikapita ipite.

Pa msasa, tengerani nzeru kwa asodzi amene akhala akugona m'misasa ya udzu kuyambira kale: mphasa, chofunda, mphika, ufa, mchere, machesi osungidwa pouma. Onjezani neti ya udzudzu ya mwana aliyense, ndipo igwire ntchito yake yeniyeni. Madzi akumwa muwiritse kapena muthire mankhwala a kolorini. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, anakhudzidwa kwambiri. Tengani sopo, bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba ndi mapaketi a Thanzi ORS. Musamange matenti pafupi ndi bango kapena pamathiriro a mtsinje, chifukwa ndi malo a ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha. Ana akasamba m'nyanja, auzeni kuti akadzaona magazi m'mkodzo athamangire kuchipatala, mankhwala ake alipo. Pitani mukaone malowo ulendo usanachitike. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza mchenga ndi nyumba zina za alendo ku Senga Bay, choncho pamene munamanga tenti zaka zisanu zapitazo mwina sipali mmene munapasiyira.

Pa zowedza, mbedza zochepa, chingwe, kamtovu kolemeretsa, ndodo ya bango ndi nyambo ya nyongolotsi kapena usipa n'zokwanira. Kansomba kakang'ono kabwezeni m'madzi. Dziwaninso kuti zilumba za Maleri zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'madzi ozungulira zilumbazo saloleza kuwedza. Mbuna zokongola zija n'zoonera, osati zokazinga.

Sipika ya nyimbo ija mutha kunyamula, sindikuletsa. Koma ikhale yomaliza kulowa m'chikwama.

Kwa inu ana anga akale, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi maboti ndi zilimira zanu tsopano, ndipo mumandipatsa usipa waulere tikakumana pa Kamuzu Road. Ndimathokoza. Koma pempho langa ndi lakuti, pa ndalama ya usiku umodzi wabwino, gulani majekete a anyamata anu. Munakwanitsa kugula injini ndi mabatire, simungalephere zimenezi. Ndipo inu amene munali m'boti lija mu 2012, mukudzidziwa, pepaninso. Mphunzitsi wanu anaphunzira tsiku limenelo.

Mphunzitsi wachinyamata uja walemba kale mndandanda watsopano, ndipo ulendo wausunthira mu Okutobala, mwera ukadzatha. Wandipempha kuti ndidzapite nawo. Ndavomera, ndipo ntchito yanga idzakhala kuwerenga majekete ndi kunyamula chigubu chodula.